Udzu wa msipu m'nyengo yozizira kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa

Kupirira kwa udzu wa msipu m'nyengo yozizira ndi mphamvu imene udzu wodyedwa ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa umakhala nayo yodutsa miyezi ya chisanu osafa, n'kudzaphukanso nyengo ikatembenuka. M'mayiko ozizira kwambiri monga Canada, Norway ndi Finland, nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa nthaka imaundana kwa miyezi ingapo ndipo munda wonse wa udzu ukhoza kufa. Kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, nthaka siundana, koma kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti udzu umaima kukula chifukwa cha usiku wozizira ndi kuuma kwa nthaka. M'malo onse awiriwa chimene chimapulumutsa udzu si masamba ake ayi, koma tsinde lake la pansi ndi chakudya chimene lasunga.

Mabuku ena omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi amatchula nyengo yozizira kuti dzinja. Izi zimasokoneza, chifukwa kuno dzinja ndi nthawi ya mvula, pamene msipu uli wobiriwira. M'nkhani ino mawu oti nyengo yozizira akutanthauza miyezi ya chisanu yapakati pa masika ndi chilimwe.

Malo ndi nyengo yake

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi, ndipo ili m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, kufupi ndi malire a Mozambique. Ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 600 kuchokera pa nyanja yamchere. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi mchere, ndipo ndi yosaya. Mbali ya kumadzulo imalandira mitsinje ya Domasi, Songani, Likangala ndi Thondwe. Doko la Kachulu, kumene anthu amakwerera mabwato opita ku chilumba cha Chisi, lili pafupifupi makilomita 30 kuchokera mumzinda wa Zomba. Pakati pa phiri la Zomba ndi madzi a nyanjayi pali chigwa chosalala cha makande ndi madambo, m'madera a mafumu monga Mwambo ndi Kuntumanji.

Mvula imagwa kuyambira mu Novembala kapena Disembala mpaka mu Malichi kapena Epulo. Ikaleka, madzi amene anasefukira amayamba kubwerera kunyanja pang'onopang'ono, n'kusiya nthaka yonyowa m'mbuyo. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yozizira kwambiri. Masana kumafunda ndithu, koma usiku kutentha kumatsika kawirikawiri pansi pa madigiri 15. Pa usiku wopanda mitambo ndi mphepo, mpweya wozizira, umene ndi wolemera kuposa wofunda, umatsetsereka kuchokera kumtunda n'kukadikha m'malo otsika. N'chifukwa chake m'dambo mumazizira kuposa pachulu kapena pakhonde la nyumba yomwe ili chapamwamba pang'ono. Masiku ena kumabwera chiperoni, mitambo ndi mvula yowaza imene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni chimanyowetsa kwambiri mapiri a Zomba ndi Mulanje, koma m'chigwa sichisiya madzi okwanira kudzutsa udzu wa kumtunda.

Chifukwa chake udzu umaima kukula

Akatswiri a zomera amagawa udzu m'magulu awiri potengera njira imene umapangira chakudya chake kuchokera ku dzuwa, madzi ndi mpweya. Maguluwa amatchedwa C3 ndi C4. Njira ya C4 idafotokozedwa bwino mu 1966 ndi Marshall Hatch ndi Roger Slack ku Australia. Udzu pafupifupi wonse wa m'zigwa za Malawi, kuphatikizapo chimanga, mapira ndi nzimbe, ndi wa gulu la C4. Umakula mofulumira kukatentha madigiri 30 mpaka 35, ndipo sufuna madzi ambiri poyerekeza ndi unzake. Koma kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15 umayamba kufooka, ndipo pofika madigiri 10 umaima. Udzu wa C3, monga ryegrass, fescue ndi timothy wa ku Ulaya, umakula bwino pa madigiri a m'ma 20 ndipo umapitirizabe pang'ono ngakhale pa madigiri 5. Mpunga ndi bango ndi za gulu la C3, ngakhale mpunga nawo sukonda kuzizira ukamachita maluwa.

Pa chifukwa chimenechi, mlimi wa ku Jali amene amathirira nsenjere wake mu Julayi amaona kuti sukuphuka msanga monga umachitira mu Okutobala, ngakhale madzi ndi manyowa zili chimodzimodzi. Ambiri amaganiza kuti vuto ndi feteleza n'kuwonjezera ina. Vuto limakhala usiku. Udzu sungagwiritse ntchito feteleza yonseyo kukuzizira, ndipo ndalamayo imangopita pachabe.

Kumtunda, kutali ndi dambo, kuzizira kumakumana ndi kuuma kwa nthaka. N'kovuta kusiyanitsa kuti chaimitsa udzu ndi chiti, koma zotsatira zake n'zofanana: udzu umabereka njere, masamba amasanduka achikasu, ndipo mphamvu yonse imatsikira pansi.

Tsinde ndi chakudya chosungidwa

Udzu wokhalitsa zaka zambiri uli ndi malo ophukira amene ali pamene phesi limakumana ndi mizu, pamwamba penipeni pa nthaka kapena pansi pake pang'ono. Mitundu ina, monga kapinga, ilinso ndi mitsitsi yoyanga pansi ndi pamwamba pa nthaka imene imakhala ndi maso ophukira. Masamba akhoza kuuma, kudyedwa kapena kupsa, koma malo amenewa akakhala amoyo udzu umabwerera.

M'mayiko ozizira kwambiri, udzu umadzikonzekeretsa chisanu chisanafike. Masiku akayamba kufupika ndipo kutentha kwatsika kufika pakati pa madigiri 0 ndi 10, umachepetsa kukula n'kuyamba kuunjika shuga m'tsinde. Shugayo amagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kukhala kamba wa miyezi yomwe udzu sungapange chakudya. Yachiwiri ndi kuteteza timaselo ta m'tsinde. Madzi akaundana kunja kwa timaseloti amakoka madzi a m'kati mwake, ndipo chomera chimafa ndi ludzu ngakhale chazunguliridwa ndi ayezi. Tsinde lokhala ndi shuga wambiri limapirira kukokedwa kumeneku. Udzu wa timothy, umene alimi a ku Norway, Finland ndi Canada amaudalira popangira ziweto chakudya, umachita zimenezi bwino kuposa ryegrass.

Chodabwitsa kwa munthu wa kuno n'chakuti chipale chofewa sichipha udzu. Chimaufunditsa ngati bulangete, moti pansi pake pamakhala pofundirako kuposa mpweya wa pamwamba. Choopsa ndi pamene chipalecho chasungunuka n'kuundananso kukhala gome lolimba la ayezi. Udzu wa pansi pake umasowa mpweya wopuma ndipo umafa. Alimi a kumeneko adaphunziranso kuti kudula kapena kudyetsa udzu kwambiri masabata omaliza chisanu chisanayambe, kapena kuuthira feteleza wokulitsa mochedwa, kumaukakamiza kugwiritsa ntchito shuga wake pophuka masamba atsopano, ndiye chisanu chimaupeza ulibe kanthu.

Zimene zimachitika m'chigwa cha Chilwa sizikusiyana kwenikweni. Udzu wa kumtunda umasunga chakudya chake mu Malichi ndi Epulo, pamene mvula ikutha. Malo amene ziweto zamweta mpaka kudothi m'miyezi imeneyi amalowa m'nyengo yozizira opanda kamba, ndipo ndi omwe amachedwa kubiriwira mvula ikayamba, kapena amalandidwa ndi zitsamba zimene ziweto sizidya. Ngakhale imfa yosowa mpweya ija iliponso kuno, koma imabwera ndi madzi. Madzi akasefukira n'kukhalitsa, monga zidachitikira pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, udzu wa kumtunda womizidwa kwa masabata ambiri umaolera pansi.

Udzu wachilengedwe wa m'chigwachi

Zomera za m'mbali mwa nyanjayi zidafufuzidwa mwatsatanetsatane ndi akatswiri a ku Chancellor College kuyambira mu 1966, ndipo zomwe adapeza zidasindikizidwa mu 1979 m'buku lokonzedwa ndi Margaret Kalk, A. J. McLachlan ndi Clive Howard-Williams. Munthu woyenda kuchokera kumtunda kulowera kunyanja amadutsa magawo angapo, ndipo gawo lililonse lili ndi nthawi yake yodyetsera.

Kumtunda ndi m'mphepete mwa dambo muli udzu wautali wa mtundu wa Hyparrhenia, womwe anthu amamweta wofolerera nyumba ndi kumangira mipanda. Ukadali waung'ono ziweto zimaudya bwino, koma ndi umene umayamba kukhwima n'kuuma. Pofika Juni umakhala mapesi okhaokha. M'malo odyetsedwa mopyola muyeso mumachuluka Sporobolus pyramidalis, udzu wolimba wa zitsa umene ng'ombe zimaulambalala. Kuchuluka kwake ndi chizindikiro chakuti busa latopa.

Kapinga, amene dzina lake la sayansi ndi Cynodon dactylon, ndiye msana wa busa la m'nyengo yozizira. Ndi wamfupi ndipo sapereka chakudya chochuluka nthawi imodzi, koma amapirira kupondedwa, kumizidwa kwa kanthawi ndi mchere wa m'nthaka, ndipo amakhala wobiriwira paliponse pamene patsala chinyezi. Alimi a mpunga ndi a madimba amamuda chifukwa savuta kubwerera akamulimira. Khalidwe lomwelo ndi limene limamupangitsa kukhala wofunika kwa woweta.

Chakunyanja, kumene madzi amakhalitsa, kuli udzu wa m'madzi monga Echinochloa pyramidalis ndi Vossia cuspidata. Ziweto sizingaufikire m'dzinja, koma madzi akamabwerera umasanduka msipu wabwino kwambiri wa m'chigwamo, ndipo ndi umene umasunga ng'ombe kuyambira mu Julayi mpaka mvula. M'malo a mchere wambiri mumamera Diplachne fusca, umene unali m'gulu la zomera zoyamba kumera pansi pa nyanja itauma mu 1968. Kupitirira apo ndi thengo la njedza, yomwe asodzi amamangira zimbowera, nyumba zawo zoyandama. Njedza yokhwima si chakudya cha ziweto.

Magawo amenewa sakhala pamodzimodzi chaka ndi chaka. Nyanjayi idauma mu 1968, 1995 ndi 2018, ndipo idaphwa kwambiri mu 2012. Ikaphwa, busa limatambasuka makilomita angapo kulowa m'kati, koma nthaka yotsalayo imakhala ya mchere ndipo madzi omwetsa ziweto amatalikira. Ikadzaza, busa la m'nyengo yozizira limapanikizidwa pakati pa madzi ndi minda. Dera lonseli lili pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaliika pa malo otetezedwa a zachilengedwe.

Udzu wobzala

Alimi amene amaweta ng'ombe za mkaka m'khola, makamaka chakumtunda kwa boma la Zomba ndi m'maboma oyandikana nalo kumene kuli magulu a bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, amadalira udzu wobzala. Wodziwika kwambiri ndi nsenjere. Umapereka chakudya chochuluka kuposa wina aliyense m'dzinja, ndipo mizu yake yozama imauthandiza kukhalabe wobiriwira mvula italeka. Sukonda madzi odikha, choncho m'chigwa umabzalidwa pa milambala, m'mbali mwa mitsinje ndi m'malire a madimba. Kumalo kumene chisanu chimawaula mbewu, masamba ake amapsa koma chitsa chimaphukanso kukafunda.

Udzu wa Rhodes, umene dzina lake la sayansi ndi Chloris gayana, ndi wosavuta kuumitsa chifukwa mapesi ake ndi aang'ono. Umapirira mchere kuposa udzu wambiri wobzala, zomwe zimauyenereza nthaka ya kufupi ndi nyanjayi, malinga ngati madzi sakhalitsapo. Palinso Panicum maximum, womwe mtundu wake umodzi umadziwika ndi dzina la boma la Ntchisi. Udzu wa Kikuyu, wochokera kumapiri a kum'mawa kwa Africa, ndiwo umapirira kuzizira kuposa yonseyi, koma umafuna mvula yambiri ndi nthaka yachonde ya kumapiri. M'chigwa chotentha suchita bwino.

Kapinga ali ndi mbiri yake kunja. Ku United States, kumene amamutchula kuti bermudagrass, Glenn Burton adatulutsa mtundu wotchedwa Coastal mu 1943 ku Tifton m'chigawo cha Georgia, atakwatitsa kapinga wa kumeneko ndi wochokera ku South Africa. Coastal ankafa ndi chisanu akabzalidwa chakumpoto, ndiye adamukwatitsanso ndi kapinga wopirira wa ku Indiana, ndipo mu 1953 kudatuluka mtundu wotchedwa Midland.

Kumene chisanu chimawaula udzu

M'Malawi mame oundana amaoneka m'malo okwera. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, kotero pamwamba pa phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, pamazizira kwambiri kuposa ku Kachulu. Ku Nyika, pa mapiri a Viphya, pa phiri la Mulanje ndi m'madambo a ku Dedza, m'mawa wa Juni ndi Julayi udzu umapezeka utayera mbuu, ndipo dzuwa likatuluka masamba ake amafota ngati athiridwa madzi otentha. Udzu wachilengedwe wa kumeneko udazolowera: umaphuka kuchokera m'zitsa zothinana zomwe masamba ouma akale amaziphimba.

Amalawi amene agwirapo ntchito m'mafamu a ku South Africa adaona njira ina. M'chigawo cha KwaZulu-Natal, udzu wa Kikuyu ukagona chifukwa cha chisanu, alimi a mkaka amafesa ryegrass pamwamba pake n'kumathirira, ndipo ng'ombe zimadya zobiriwira nyengo yonse yozizira. Kukafunda ryegrass imatha, Kikuyu n'kudzuka. Njirayi imafuna madzi othirira, mbewu yogula chaka chilichonse ndi feteleza wambiri. M'chigwa cha Chilwa, malo onyowa mu Julayi amapita ku tomato, chimanga chachiwisi ndi mpunga, ndipo n'zomveka kuti banja la munda waung'ono silingasinthe zimenezi ndi udzu.

Ziweto m'miyezi imeneyi

Vuto la m'nyengo yozizira silikhala kuchepa kwa udzu kokha. Ng'ombe ikhoza kuima m'tchire lofika m'chiuno n'kumaondabe. Tizilombo ta m'chifu cha ng'ombe ndi mbuzi timene timagaya udzu timafuna kuti chakudya chikhale ndi zomanga thupi zosachepera magawo 7 pa 100 aliwonse. Udzu wanthete wa m'dzinja umapitirira pamenepa, koma wouma wa kumtunda umatsika kufika pa magawo 2 mpaka 4. Zikatero chakudya chimachedwa m'chifu, chiweto chimadya pang'ono, mkaka umachepa ndipo ng'ombe yaikazi imachedwa kutenga bere. Ng'ombe za makolo za mtundu wa Malawi Zebu zimaonda koma zimabwerera msanga msipu ukaphuka. Ng'ombe za mkaka zosakanizidwa ndi Friesian sizipirira chimodzimodzi.

Msipu wa kudambo nawo uli ndi mtengo wake. M'madzi odikha mumakhala nkhono zimene zimasunga nyongolotsi ya m'chiwindi yotchedwa Fasciola gigantica. Ana a nyongolotsiyi amamatirira ku udzu wa m'mbali mwa madzi, ndipo chiweto chimawameza podya. Ng'ombe yodya msipu wobiriwira koma ikuonda ndi kutupa pansi pa chibwano iyenera kuonedwa ndi mlangizi wa ziweto.

Moto ndi kuchepa kwa busa

Tchire limatenthedwa pa zifukwa zosiyanasiyana: kusaka mbewa, kukonza minda, kapena kufuna msipu wa palupsa. Msipu umenewu ziweto zimaukonda ndipo uli ndi zomanga thupi zambiri, koma umachokera ku chakudya chomwe tsinde lidasunga, chifukwa mvula imakhala isanagwe. Ziweto zikaumweta ukangotuluka, mobwerezabwereza, chitsa chimatheratu mphamvu. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utaumitsitsa, umatentha kwambiri kuposa wa mu Meyi kapena Juni, ndipo umasiya nthaka pambalambanda kuti mvula yoyamba iikokolole.

Busa lenilenilo likucheperachepera. Masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi, amene adakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, adatenga gawo la chigwa, ndipo kunja kwa masikimuwo mabanja akhala akutsegula minda ya mpunga ndi madimba m'madambo. Kale munda ukakololedwa unkasanduka busa la aliyense. Tsopano malo onyowa amalimidwa chaka chonse, ndipo milandu ya ng'ombe zolowa m'dimba imafika kwa nyakwawa m'miyezi yomweyi. Ziweto zikapanikizidwa pa malo ochepa, kapinga yekha ndi amene amatsala, ndipo naye amametedwa mpaka mitsitsi yake kuonekera.

Kusunga chakudya

Alangizi a ziweto amalimbikitsa kufutsa udzu mvula ikamatha. Udzu wa Rhodes kapena wachilengedwe umamwetedwa ukangoyamba kutulutsa ngala, umayanikidwa masiku awiri kapena atatu n'kumatembenuzidwa, kenako umasungidwa pathandala pamthunzi ukadali wobiriwirako. Womwetedwa mu Juni utauma kale ndi wofolerera basi. Nsenjere ndi wovuta kuyanika chifukwa mapesi ake ndi aakulu, choncho umaduladulidwa n'kupondedwa m'dzenje loyalidwa pulasitiki, n'kukwiriridwa kuti mpweya usalowe. Podula nsenjere pamasiyidwa chitsa chachifupi, ndipo m'nyengo yozizira nthawi yodikira pakati pa kudula kumodzi ndi kwina imatalikitsidwa.

Zotsalira m'munda zimathandiza ngati zasonkhanitsidwa msanga. Mapesi a chimanga ndi a mpunga amadzaza mimba koma ali ndi zomanga thupi zochepa, ndiye amasakanizidwa ndi zotsalira za mtedza, masamba ndi makoko a nandolo, kapena madeya. Mitengo ya lukina ndi gilisidiya, imene mizu yake imafika kumene udzu sufika, imakhala ndi masamba obiriwira nyengo yonseyi. Gilisidiya wakhala akuyesedwa pamodzi ndi chimanga pa malo a kafukufuku a Makoka, kufupi ndi Thondwe, kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Lukina sayenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsiku, chifukwa ali ndi poizoni wotchedwa mimosine amene amathothola ubweya ndi kufooketsa chiweto akadyedwa wambiri. Masamba a gilisidiya amayamba ayanikidwa kwa tsiku limodzi, popeza ziweto zosawazolowera zimawakana akadali aawisi chifukwa cha fungo lake.